Chigubu cha petulo chikamatsamwa: mafunso ndi mayankho pa zigubu zamakono za ku America

Aliyense amene anagulapo chigubu chofiira cha petulo ku United States m'zaka zapitazi ali ndi nkhani yake. Yanga inachitika Loweruka lina m'mawa, ndikufuna kuthira petulo m'makina otchetchera kapinga. Dzanja lina lanyamula makilogalamu 14, lina likulimbana ndi kabatani ka pamlomo, bondo likuchirikiza pansi, petuloyo osatuluka. Pamene anati atuluke, anayambira pa nsapato zanga. Chigubucho chinali ndi mawu pambali onena kuti sichitaya mafuta. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa, kuyesa ndi kuononga zigubu zingapo, ndipo m'munsimu ndayankha mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri akafuna kukonza chigubu chawo kuti chizithira bwino.

Kodi vuto lenileni ndi chiyani? Bwanji petulo amatuluka modukizadukiza?

Ndi mpweya basi. Lita imodzi ya petulo ikatuluka, lita imodzi ya mpweya iyenera kulowa kudzatenga malo ake. Zigubu zakale zinali ndi zibowo ziwiri: mlomo kutsogolo, ndi kabowo kakang'ono kumbuyo kokhala ndi kachitsekero kake. Mukatsegula kabowoko, petulo ankadutsa kutsogolo, mpweya n'kumalowera kumbuyo, osalimbirana njira. Zambiri zamakono zili ndi khomo limodzi lokha. Petulo akufuna kutuluka, mpweya ukufuna kulowa, onse pakhomo lomwelo, ndiye chigubu chimatsamwa ngati munthu womwa thobwa mothamanga. Chimatulutsa pang'ono, n'kuima, n'kumeza mpweya, n'kulavula mwamphamvu. Kulavulako ndi kumene kumanyowetsa nsapato.

Milomo yamakono ili ndi kanjira kakang'ono m'kati kobwezera mpweya. Kamagwira ntchito, koma n'kopapatiza, n'chifukwa chake magaloni 5, pafupifupi malita 19, amatenga mphindi zingapo mikono ikuwawa.

Ndani anachotsa kabowo kaja, ndipo chifukwa chake chinali chiyani?

Nkhaniyi inayambira ku California. Bungwe loona za mpweya wabwino m'boma limenelo, la California Air Resources Board, lomwe anthu amangoti CARB, linakhazikitsa malamulo a zigubu mu 1999, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2001. Dandaulo lawo linali lomveka: petulo amauluka. Chigubu chimodzi chosiyidwa chosatseka m'galaja si kanthu, koma zigubu mamiliyoni zimatulutsa nthunzi yochuluka, ndipo nthunziyo ikakumana ndi dzuwa imathandiza kupanga utsi uja umaphimba mizinda ngati Los Angeles. Mulinso benzene, amene amayambitsa khansa. Anthu ambiri ankataya kachitsekero ka kumbuyo kapena kuiwala kutseka, choncho chigubu chinkapuma usana ndi usiku.

Maboma ena anatengera za California. Kenako mu 2007 bungwe la dziko lonse loteteza chilengedwe, la EPA, linaika lamulo lokhudza zigubu zonse zopangidwa kuyambira pa 1 January 2009. Lamulolo linati nthunzi yotuluka isapitirire magalamu 0.3 pa galoni iliyonse patsiku, ndipo mlomo uzidzitsekera wokha munthu akasiya kuthira. Apa ndi pamene panachokera masipulingi a m'milomo yamakono.

Pa nthawi yomweyo panabwera lamulo lina losiyana nalo, la Children's Gasoline Burn Prevention Act la mu 2008, lofuna kuti mwana asamathe kutsegula chigubu. Tizinthu tija mumafinya kaye musanapotokole tinachokera pamenepa. Lachitatu ndi Portable Fuel Container Safety Act la mu 2020, limene linabweretsa kasefa kotchinga moto pakhosi pa chigubu, ndipo linayamba kugwira ntchito mu July 2023. Malamulo atatu, ochokera m'maofesi osiyana, onse anathera pa mlomo umodzi wa pulasitiki wotchipa. Mutu umodzi susenza denga, koma mlomo umenewu anausenzetsa madenga atatu.

Ndiye kuti boma linaletsa kabowo ka mpweya?

Boma la dziko lonse silinaletse, ngakhale anthu ambiri amanena choncho. Lamulo la EPA limalola kabowo ka mpweya malinga kazidzitsekera kokha. Opanga zigubu ambiri anaona kuti kuchotseratu n'kotchipa kusiyana ndi kupanga kodzitsekera. Mu July 2025 a EPA eni akewo analembera makampani kalata yowakumbutsa zimenezi ndi kuwalimbikitsa kubwezeretsa timabowo totere.

Nanga anthu amazisintha bwanji?

Njira zake n'zitatu. Ena amabowola kumbuyo n'kuikapo kachitsekero ka mpweya. Ena amachotsa mlomo wonse n'kugula wina wopanda sipulingi. Ena amaphwasula mlomo umene unabwera ndi chigubu, n'kuzula sipulingi ndi valavu ya m'kati. Njira yachitatuyi ndiyo yofala chifukwa ndi yaulere, komanso ndiyo yopusa. Mukazula valavu mwatsala ndi paipi yosatsekeka, ndipo chigubu chikagwa m'buti ya galimoto petulo yense ali pa kapeti. Komanso simunathetse vuto la mpweya. Chigubu chizitsamwabe, kungoti tsopano chizilavula kwambiri.

Ngati ndasankha kubowola, ndichite motani?

Funso ili ndilo lofunika kulimvetsa bwino, chifukwa apa ndi pamene munthu angapse.

Bowolani chigubu chatsopano, chimene sichinalawepo petulo. Chigubu chakale chimene mukuti chatha mafuta sichinathe: muli nthunzi, ndipo imene imayaka ndi nthunziyo. Petulo amatulutsa nthunzi yotha kuyaka ngakhale kutazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Nthunzi ikakhala pakati pa 1.4 ndi 7.6 peresenti ya mpweya, kamoto kakang'ono kamakwanira. Chigubu chodzaza nthawi zambiri chimakhala ndi nthunzi yopyola mlingo umenewu, koma chimene mwangochikhuthula n'kuchisiya chotsegula chimalowa mpweya, n'kufika pamlingo woopsawo. Makina obowolera ambiri amathetheka m'kati mwa mota yake. Mukawayatsa mumdima mudzaona tokha timoto tabuluu m'timipata ta m'mbali. Ngati mulibe kuchitira mwina koma kubowola chakale, chitsukeni ndi madzi a sopo kangapo, chisiyeni panja chotsegula kwa masiku mpaka fungo litatheratu, ndipo bowolani panja. Ine ndimangogula china. Mtengo wa chigubu n'ngochepa poyerekeza ndi khungu la kumaso.

Malo obowola akhale pamwamba, kumbuyo kwa chogwirira, kutali ndi mlomo. Musanabowole, thirani madzi m'chigubu mpaka pamzere wodzazira, chipendeketseni ngati mukuthira, muone pamene madzi akufika ndi tochi kapena poyang'anitsa padzuwa. Bowo likhale pamwamba pa mzere umenewo, apo ayi petulo azidzatulukira m'manja mwanu. Sankhani pamalo posalala, osati pamsoko pamene mbali ziwiri za chigubu zinalumikizana, chifukwa pamsoko kachitsekero sikakhala bwino ndipo pamang'aluka.

Tizitsekero tambiri togulitsidwa timafuna bowo la theka la inchi, mamilimita 12.7, koma werengani papaketi chifukwa timasiyana. Kachitsulo kobowolera kooneka ngati masitepe kamaboola pulasitiki mozungulira bwino. Kachitsulo wamba kamagwira mwadzidzidzi n'kusiya bowo lokhota. Kuli bwino bowo lichepe pang'ono, kachitsekero kalowe mokakamiza. Likakula, palibenso kubweza.

Pomaliza tsukani tizidutswa ta pulasitiki timene tagwera m'kati, muumitse. Kachidutswa kamodzi kokha kakalowa mu kabyuleta ya jenereta, mudzakhala tsiku lonse mukukoka chingwe.

Chimene anthu sakuuzani n'chakuti mukatero mwabwerera ku vuto la kale lija. Kachitsekero kapamanja kamadalira kuti inu mukumbukire kutseka. Tina totchipa timatseguka tokha chigubu chikatenthedwa.

Ndinaona wina ataika valavu ya tayala. Kodi imagwira?

Imagwira kwa kanthawi. Amachotsa kamtima ka valavuyo, n'kuikoka ndi waya kudzera pakhosi pa chigubu mpaka itakhala m'bowo, ndipo kachipewa kake ndiko kamakhala chitsekero. Nzeru yake ndi yabwino, koma mphira wa valavu ya tayala anapangidwira mpweya, osati petulo. Amafufuma, kufewa, kenako kung'aluka, ndipo mumadzazindikira ndi fungo m'galaja. Kuboola kwake n'kochepanso, mpweya umalowa pang'ono. Ngati mwafika pobowola, gulani kachitsekero kopangidwira mafuta.

Bwanji ndingogula mlomo wina?

Iyi ndiyo njira imene ndimalangiza ambiri, chifukwa mukhoza kubwerera m'mbuyo. Milomo yogulitsidwa payokha, monga ya EZ-Pour, imabwera ndi zipewa zingapo chifukwa mazinga a pakhosi pa zigubu samafanana: a Scepter ndi ena, a Midwest Can ndi ena, a zigubu zakale za Blitz ndi enanso. Yesani chipewa chilichonse popanda kukakamiza. Chikalowa mopendama, chimadontha. Onaninso kamphira kozungulira ka pansi pa mlomo. Nthawi zambiri chigubu chimene munthu akuchitukwana kuti chikudontha chimakhala kuti kamphirako kapindika kapena kauma.

Mlomo wokha popanda kabowo ka mpweya umachepetsa kulimbana ndi mabatani, koma kutsamwa sikutha. N'chifukwa chake mapaketi ambiri amaikamo ndi kachitsekero komwe.

Pakhosi pa chigubu changa pali kasefa kamene kakutchinga. Ndikazule?

Musakazule. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi chokha ndicho sindingagonjepo.

Kasefako si kosefera zinyalala. Ntchito yake ndi kuletsa lawi la kunja kuti lisatsatire nthunzi mpaka m'kati mwa chigubu. Lawi likafika pa timabowo tating'onoting'ono limataya kutentha n'kuzima. Ndi nzeru yomwe ija Humphry Davy anagwiritsa ntchito pa nyale ya anthu a m'migodi ya malasha mu 1815. Ngozi zimene kasefaka kanabwerera zimachitika mofanana: munthu akuthira petulo pamoto wa zinyalala kapena pa nkhuni zimene akuganiza kuti zazima, m'chigubu mwatsala mafuta ochepa, wachipendeketsa kwambiri, mpweya walowa. Lawi limakwera, chigubu n'kuphulika kapena kulavula moto patali ndithu, ndipo kawirikawiri wopsa kwambiri amakhala amene waima kutsogolo, osati wothirayo. Nthawi zina ndi mwana amene amaonerera.

Milandu ya ngozi zoterezi ndi imene inagwetsa kampani ya Blitz USA ya ku Miami, m'boma la Oklahoma, imene inali yaikulu kuposa onse opanga zigubu za petulo m'dzikolo. Inalengeza kuti yagwa mu 2011, n'kutseka fakitale mu 2012. Mbali ina ya mikangano ya m'makhoti inali yakuti zigubu zake zinalibe chotchinga moto.

Kasefako kamavutitsa pang'ono pothira mafuta pa filing'i siteshoni, chifukwa mpope umadzidula petulo akabwerera. Finyani chogwirira mpope theka, osati mpaka kumapeto. Pothira kuchokera m'chigubu, si kasefa kamene kamachedwetsa kwenikweni; ndi mpweya uja.

Onaninso ichi: mukabowola kumbuyo, mwatsegula khomo lachiwiri lopanda kasefa. Ndi chifukwa china chimene ine ndinasiyira kubowola.

Kodi kusintha chigubu n'kololedwa?

Malamulo a EPA amalunjika kwa opanga, oitanitsa ndi ogulitsa zigubu. N'chifukwa chake milomo yambiri yogulitsidwa payokha imalembedwa kuti ndi ya zigubu zopangidwa chisanafike chaka cha 2009, ndipo ogulitsa ena satumiza ku California. Koma chigubu chobowoledwa sichilinso monga chinavomerezedwera, pomwe malamulo ozimitsa moto m'madera ambiri amafuna kuti petulo azisungidwa m'chotengera chovomerezeka. Wa pa filing'i siteshoni ali ndi ufulu wokukanizani.

Kuntchito ndiye musayerekeze. Pamalo omanga, bungwe loona za chitetezo cha anthu pantchito ku America, la OSHA, limafuna zigubu zovomerezeka, ndipo zodziwika kwambiri ndi zachitsulo zija amati safety can, zosapitirira magaloni 5, zokhala ndi chitsekero cha sipulingi ndi chotchinga moto. Ngati mumagwira ntchito yotchetcha kapinga kapena yomanga kwa bwana, chigubu chanu chobowola chisiyeni kunyumba.

Chigubu changa chimatupa ngati chule masana, usiku n'kuphwa. Chili bwino?

Chili bwino, chikusonyeza kuti n'chotsekeka. Kutentha kumachulukitsa nthunzi, kuzizira kumaibweza. Choopsa ndi kuchipendeketsa chili chotupa, chifukwa mukangotsegula valavu petulo amathamanga ngati wa m'mpope. Chiimikeni kaye chilili, mlomo uloze kumbali, dinani valavu mpaka kulira kwa mpweya kutasiya, kenako thirani. Anthu ambiri amene amadana ndi zigubu zamakono sanauzidwepo kanthu kakang'ono aka. Musachidzaze mpaka kukhosi, siyani malo, ndipo musachisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Pali njira yothira mosavuta popanda kusintha chilichonse?

Ilipo, ndipo ndi imene ndimagwiritsa ntchito masiku ano. Pali kapaipi kokhala ndi mutu wamkuwa ndi kampira m'kati. Mumaika chigubu pamalo okwera kuposa thanki, kuviika mutuwo m'petulo, kuugwedeza m'mwamba ndi pansi kangapo, petulo n'kuyamba kuyenda yekha. Msana supweteka, ndipo mpweya umalowera pakhosi potsegulapo. Pa zigubu zokhala ndi kasefa kakuya kapaipiko sikafika pansi, ndiye funsani musanagule. Palinso timapampu ta mabatire topangidwira petulo, tina timadzidula tokha thanki ikadzaza. Musagwiritse ntchito pampu ya madzi.

Kuyamwa paipi ndi pakamwa, kumene ambirife tinakulira tikuona madalaivala akuchita, n'koopsa kuposa mmene kumaonekera. Petulo wochepa akalowa m'mapapo amawatupitsa. Munthu akameza, musamusanzitse, chifukwa posanza ndi pamene amalowera m'mapapo; thamangani naye kuchipatala.

Njira ina ndi kugula chigubu chimene chinaganiziridwa bwino. Cha No-Spill chili ndi batani lodina ndi chala chachikulu, ndipo chimaleka chokha thanki ikadzaza. Cha SureCan chili ndi mlomo pansi, ndiye simuchipendeketsa n'komwe, ndipo mukafinya chogwirira mpweya umalowera pamwamba. Zachitsulo za mtundu wa Type II, monga za Justrite ndi Eagle, zili ndi makomo awiri. Zonsezi n'zokwera mtengo, komabe mukawerengera chigubu chotchipa, mlomo wina, kachitsekero ndi petulo wotayika, kusiyana kwake sikukhala kwakukulu. Ndipo ngati makina anu ndi aang'ono, chigubu cha magaloni 2 chimathetsa theka la mavuto chifukwa dzanja limodzi limachikwanitsa.

Bwanji majerikani achitsulo a asilikali amathira bwino chonchija?

Chifukwa amene anawapanga anayamba ndi kuganizira za mpweya. Jerikani inapangidwa ku Germany cha m'ma 1937, pa kampani ya Müller ku Schwelm, motsogozedwa ndi injiniya Vinzenz Grünvogel. Imatenga malita 20. M'kati mwake muli kapaipi kochokera pakhosi kupita kumbuyo, kumene kuli linunda lokhala ndi mpweya, choncho petulo akamatuluka mpweya umadutsa m'kapaipimo osakumana naye. Linundalo limapatsanso mafuta malo ofufumira, komanso limachititsa kuti jerikani iyandame ikagwera m'madzi. Zogwirira zitatu zija n'zoti munthu mmodzi anyamule pakati, awiri anyamulizane m'mbali. Asilikali a Britain ku North Africa anali ndi zitini zawo za magaloni 4 zimene zinkadontha kwambiri, ndipo ankatola za adani awo akazipeza. Dzina loti jerikani linachokera ku "Jerry", mmene ankatchulira Mjeremani.

Ndimaseka ndikaganiza kuti anthu masiku ano akuyenda ndi makina obowolera kufunafuna yankho limene linapezeka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Majerikani otere akugulitsidwabe, monga a Wavian, ngakhale ogulitsidwa ku America amabwera ndi mlomo wodzitsekera. Chenjerani ndi otengera otchipa: ena alibe kapaipi ka m'kati kaja, ndipo msoko wake umadontha.

Nanga zigubu zachikasu za mafuta ophikira zimene timagwiritsa ntchito kwathu?

Sizinapangidwire petulo. Chitsekero chake sichigwira nthunzi, pulasitiki yake imafooka padzuwa, ndipo zilibe chotchinga moto. Kuboola kabowo ndi msomali pamwamba kumathandiza kuthira, koma bowolo limakhala lotseguka mpaka kalekale, m'nyumba momwe muli mbaula ndi makandulo. Ku Malawi nkhani ya zigubu ili ndi mbali inanso: mafuta akamasowa, bungwe la MERA lakhala likuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Amene muli ku Britain, lamulo la mu 2014 limalola chigubu cha pulasitiki chosapitirira malita 10, chachitsulo chosapitirira malita 20, ndipo kunyumba mungasunge mpaka malita 30 osadziwitsa akuluakulu oona za petulo m'dera lanu.

Kodi zonsezi zikukhudzanso dizilo ndi palafini?

Malamulo a ku America amakhudza zigubu za mafuta atatu onsewa, ndipo mitundu imasiyanitsa: chofiira ndi cha petulo, chachikasu dizilo, chabuluu palafini. Dizilo sayaka msanga ngati petulo, pafunika atenthe kupitirira madigiri 50 kuti nthunzi yake igwire moto, koma amachita thovu ndipo akatayika pasimenti pamaterera. Chigubu chimene munasungiramo petulo musathiremo palafini wa m'nyale kapena wa sitovu, ngakhale kamodzi.

Pali chinanso choti ndisamale pothira?

Podzaza pa filing'i siteshoni, tsitsani chigubu chikhale pansi. Chikakhala kumbuyo kwa pikapu, makamaka yoyalidwa pulasitiki, kapena pa kapeti ya m'buti, magetsi a static amene amadzikundikira petulo akamayenda alibe kothawira, ndipo amathetheka pakati pa chigubu ndi mpope. Mlomo wa mpope uzikhudza chigubu nthawi yonse imene mukuthira. Jenereta kapena makina otchetchera muwazimitse, mudikire azizire. Ekizozi yake imakhala yotentha kwa mphindi zingapo injini itazima, ndipo pa makina ambiri ili pafupi ndi thanki. Fanelo yaikulu ndi kansanza zikhale pomwepo, ndipo kansanzako mukatha mukayanike panja.